Mkamwana Wakumva ndi Maso

Nyenje za ku Nkhamanga zimalira ngati wina wazituma. Dzuwa la Okutobala likafika paliwombo mitengo yonse imangoti nyeee, moti munthu sumva ngakhale mnzako akukuitana kuseri kwa nyumba. Chaka chimenecho ndinali nditangodzuka kumene pa matenda amene anandigoneka nthawi yaitali, ndipo phokoso la m'makutu mwanga ndinkanamizira nyenjezo. Mvula inagwa, anthu anawokera fodya, nyenje za m'mitengo zinatha. Za m'mutu mwanga zokha ndi zimene zinatsala.

Ine kwathu ndi ku Dedza. Ku Rumphi ndinabwera ndi ntchito ya uphunzitsi, kenako banja linandikhazika. Mwamuna wanga anapita ku Joni mwana wathu akuyamwa, n'kundisiya pamudzi pa makolo ake kufupi ndi Bolero. Pamudzipo tinalipo anayi: apongozi anga aamuna, amene tonse tinkawatchula kuti adada, apongozi aakazi, ineyo, ndi mwana wanga wamkazi amene anali atangoyamba kumene sukulu. Adada anali mphunzitsi wopuma wa sukulu za mishoni komanso mkulu wa mpingo. Ankavala jekete ngakhale pokaona fodya m'chigafa, ndipo anali ndi ndevu za pamlomo zochindikala zimene ankati anazisiya kuyambira tsiku limene anagwira choko koyamba. Ndevuzo ndinkazidziwa bwino pa chithunzi cha ukwati wathu kusiyana ndi pankhope pawo, chifukwa nkhope yawo sindinkaiyang'ana.

Kwathu mwana ndi wa mayi ake. Banja likatha, bambo amanyamula malaya ake n'kuona msewu. Kuno n'zina. Ng'ombe zinaperekedwa, atsibweni anga anazilandira akuseka chifukwa sanazizolowere, ndipo kuchokera pamenepo mwana aliyense amene ndingabereke anali wa pamudzi pano. Mlamu wanga, mlongo wake wa mwamuna wanga, ndi namwino ku Khondowe. Akabwera kudzacheza ankakonda kundimenya paphewa n'kufunsa kuti, “Ng'ombe zathu zikudya bwino?” Ndinkaseka naye, poti ndi mlamu. Koma ndinkadziwa kuti mkazi wa kuno akabwerera kwawo amabwerera ndi chikwama chokha.

N'chifukwa chake sindinauze munthu aliyense kuti makutu anga akufa. Ndinakulira m'mudzi momwe munali mayi wina wogontha amene sankamuwerengera ngati munthu wamkulu. Ankamutuma kumadzi ndi zala, ankamuseka ali pomwepo, ndipo mwana wake wobereka yekha analeredwa ndi ena. Ndikagona ndinkaona nkhope ya mayi ameneyo. Ndinkachita mantha, mantha enieni.

Nthawi yomweyo n'kuti nditayamba maphunziro a dipuloma a pa intaneti. Maphunziro ake anali a mavidiyo. Umalowa ndi foni, aphunzitsi akutali amalankhula, iwe umamvetsera n'kulemba, kenako umayankha mafunso. Ndinkaphunzira pakhonde la nyumba yanga chifukwa ndi pamene netiweki inkagwira, bola usasunthe mkono. Madzulo ena mwana wanga anabwera akuthamanga n'kundikoka nsalu.

“Amama, foni ikusokosa chomene. Agogo akuti muchepetse.”

Ndinayang'ana kamzere ka voliyumu. Kanali katafika kumapeto. Ine ndinkamva ngati munthu akulankhulira m'bulangeti, pamene agogo ake anamva ali kukhitchini, kuseri kwa nkhokwe. Amati chakudza sichiimba ng'oma. Changachi chikanaimba ng'oma sindikanaimva n'komwe.

Ndinazimitsa mawu onse, n'kukhala ndikuyang'ana mayi wa pavidiyo akutsegula ndi kutseka pakamwa ngati nsomba. Ndinkafuna kulira koma mwana anali pomwepo. Zala zanga zinkangodina paliponse chifukwa cha manyazi, ndipo zinadina kabokosi kena kakang'ono kam'munsi kamene ndinali ndisanakagwirepo. Pansi pa chithunzi panatulukira malemba. Mayi uja akatsegula pakamwa, mawu ake ankabwera olembedwa, mzere ndi mzere, monga momwe ankawanenera. Ndinawerenga mpaka vidiyo inatha. Ndinaibwereza. Tsiku limenelo ndinamva phunziro lonse koyamba chiyambireni mvula.

Masiku otsatira ndinafufuza ngodya iliyonse ya tsambalo ngati mkazi wofuna singano pamphasa. Ndinapeza pokulitsira malemba. Ndinapeza posinthira mtundu, ndipo ndinasankha achikasu pa mzere wakuda chifukwa oyera ankasowa dzuwa likawala pakhonde. Panali pochepetsera liwiro, kuti mphunzitsi wothamanga pakamwa azilankhula ngati wangodzuka kumene. Panalinso potengera mawu onse a phunziro ngati tsamba lowerenga, limene linkatsala m'foni netiweki ikathawa. Ndinaonanso batani la anthu osaona, la munthu wofotokoza zimene zili pachithunzi. Ndinaganiza kuti penapake pali wina amene akuthokoza batani limenelo monga ine ndinkathokozera langa, ndipo mwina nayenso sanauze anthu akwawo.

Si mavidiyo onse anali achifundo. Ena malemba ake analembedwa ndi munthu, ndipo ankakuuza ngakhale pamene ophunzira aseka kapena chitseko chatsekedwa. Ena analembedwa ndi makina, ndipo makinawo akakumana ndi Chingerezi cha mphunzitsi wa kwathu kuno ankangobwebweta ngati woledzera. Ena analibiretu. Lolemba lililonse, maphunziro atsopano akatuluka, ndinkatsegula mtima uli m'malere, maso akuthamangira pansi kukafuna kabokosi kaja. Kakasowa ndinkatukwana anthu amene sindinawaonepo. Ndinkati, mwajambula bwino, mwavala bwino, mwayatsa magetsi, n'chiyani chinakukanikani kulemba zimene mukunenazo?

Ndi mavidiyo omwewo amene anandiphunzitsa kuwerenga milomo. Ndinkachepetsa liwiro, n'kuphimba malemba ndi chala chachikulu, n'kuyang'ana pakamwa pa mphunzitsi. Ndikaganiza kuti ndamva, ndinkachotsa chala kuti ndione ngati ndalondola. Poyamba ndinkalephera ngati mwana wa Sitandade 1. Pang'onopang'ono milomo inayamba kundiuza zinthu. Kusukulu ndinasiya kuima pabolodi. Mwana akakweza dzanja ndinkapita pomwe wakhala n'kumuyang'ana m'kamwa mwenimweni. Ana anayamba kunena kuti madamu akwiya masiku ano, ndipo kalasi inakhala bata kuposa kale. Ahedi anandiyamikira. Mwamuna wanga ndinamuuza kuti asiye kunditumizira mauthenga olankhula, azilemba, poti olankhula amadya bandulo. Anayankha kuti dipuloma yayamba kundinyaditsa ndisanaitenge n'komwe, koma analemba.

Paliponse ndinapeza njira, kupatula pamaso pa adada.

M'makomo ena mwambo umenewu unafooka, koma pamudzi pathu apongozi aakazi ankausunga ngati mbale ya alendo. Mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo, saima pamaso pa apongozi aamuna. Akaitanidwa amagwada chapatali, chammbali, maso pansi, ndipo akamva amathokoza m'chinenero cha kuno kuti, “Yewo, adada.” Nditangokwatiwa ndinkaziona ngati zoseketsa. Ndinazolowera, ndipo kunena zoona ndinafika pozikonda, chifukwa munthu wogwada chammbali amatha kuganiza zake. Tsopano mwambo womwewo unanditseka makutu achiwiri. Adada sankakweza mawu. Ankati munthu wophunzira sakuwa. Ine ndinkagwada patali, ndikuona nsapato zawo ndi nsonga ya ndodo, ndipo m'mutu mwanga munali nyenje zokha.

Ndinkapulumukira ku chizolowezi chawo. M'mawa akandiitana ndinkadziwa kuti ndi madzi osamba. Masana inali tiyi. Akagwira Baibulo ndinkadziwa kuti akufuna mpando pamthunzi. Ndinkati yewo n'kukachita zimene ndaganiza, ndipo nthawi zambiri ndinkalondola. Ndikaphonya, apongozi aakazi ankandiyang'ana n'kupukusa mutu. Nthawi zina adada ankandiitana ndili chofulatira, ine osatembenuka. Zimenezo ndinazidziwa pambuyo pake. Pamudzi panayamba kumveka kuti Mchewa uja foni yamudya mutu.

Kenako panachitika za mavu.

Linali Loweruka masana, nyengo yosankha fodya. Ndinali pakhonde ndi vidiyo ya kaphunzitsidwe ka masamu, imodzi mwa zija za malemba abwino. Mwana wanga ankasewera kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chigafa chakale. Ndikukumbukira kuti ndinali wokondwa. Ndinkawerenga mzere uliwonse, ndikulemba m'kope, ndipo palibe chimene chinkandidutsa. Mwadzidzidzi ndinaona fumbi. Apongozi aakazi anandidutsa akuthamanga, mpango utagwa, khasu likadali m'manja. Mayi wokalamba amene ankadandaula mawondo tsiku lililonse ankathamanga ngati mtsikana. Ndinaimirira n'kuwatsatira.

Mwana anali atagona pafumbi, akudzimenya kumaso, pakamwa pali yasa. Anali atagwedeza chisa cha mavu ndi kamtengo. Ndinaona kukuwa kwake ndi maso: lilime, mitsempha ya pakhosi, malovu. Ankaitana ine. Milomo yake inkati amama, amama, ndipo zinkaoneka kuti wakhala akuitana kwa nthawi. Agogo ake anamumva ali kudimba, kutsidya kwa msewu. Ine ndinali kuseri kwa khoma limodzi lokha.

Tinathamangira naye ku chipatala chaching'ono pa njinga yamoto, diso limodzi litatsekeka ndi kutupa. Anamubaya jakisoni, kutupa kunayamba kuphwa, ndipo tinabwerera dzuwa lisanalowe. Palibe amene anandikalipira. Ndikanakonda akanandikalipira. Apongozi aakazi anamuyalira mwana m'nyumba mwawo, ndipo potuluka anaima patsogolo panga n'kulankhula moti ndinaona mawu onse pamilomo pawo.

“Foniyo ndiye mwana wanu.”

Ndinalowa m'nyumba n'kuiponya foniyo pabedi. Ndinkaida. Malemba amene anandibwezera maphunziro anali atanditengera maso, ndipo maso ndiwo okha ndinatsala nawo oyang'anira mwana. Komabe m'mawa mwake ndinaitola, chifukwa popanda iyo ndinali ndekhandekha m'dziko la milomo.

Lamulungu lotsatira, titachoka kutchalitchi, apongozi aakazi anandikodola n'kuloza khonde la nyumba yaikulu. Adada anali atakhala pampando wawo, jekete la kutchalitchi asanavule. Ndinagwada pamalo panga pa masiku onse, chammbali, maso pansi. Sinali nthawi ya tiyi. Sinalinso ya madzi.

Analankhula nthawi yaitali. Ndinkadziwa kuti akulankhula chifukwa ndodo yawo inkagogoda pansi pang'onopang'ono, monga ankachitira pofotokoza nkhani kumpingo. Ndinkamva kanthu kochokera kutali, ngati galimoto ikudutsa kuseri kwa phiri. Mtima unkandiuza kuti dzutsa mutu, yang'ana kamodzi kokha. Koma apongozi aakazi anali ataima pakhomo, ndipo ine ndinali kale mkamwana wosasamala mwana. Ndikanawonjezera kuyang'ana adada m'maso, ndikanakhala chiyani? Ndinayang'anitsitsa nyerere imene inkakoka kachidutswa ka chimanga pafupi ndi bondo langa.

Ndodo inaleka kugogoda. Ndinadziwa kuti akudikira.

“Yewo, adada,” ndinatero.

Nsapato sizinasunthe. Ndodo inagogoda kawiri, mwina katatu, ngati akufunsa kanthu kakafupi.

“Yewo chomene,” ndinateronso.

Adada anaimirira n'kulowa m'nyumba. Apongozi aakazi anandiyang'ana m'njira imene sindinaimvetse, ngati munthu woona chinthu chonyansa pang'ono. Ndinabwerera kunyumba kwanga. Ndinali nditavomera chinthu chachikulu, ndipo sindinkadziwa kuti n'chiyani.

Kufunsa sikukanatheka. Ukafunsa kuti adada amati chiyani, ndiye kuti wanena wekha kuti mkulu akulankhula iwe umaganiza zina. Ndinangoyamba kuyang'ana chilichonse. Ndinaganiza kuti mwina andiletsa foni, ndipo ndinaibisa m'thumba la ufa, koma palibe amene anaifuna. Ndinaganiza kuti mwina akundibweza ku Dedza, ndipo galimoto iliyonse yodutsa pamsewu wa ku Bolero ndinkaiyesa yodzanditenga. Palibe amene anandiuza kuti ndilongedze. Chakudya sichinkalowa. M'kalasi ndinalemba samu yolakwika pabolodi, ana n'kuikopera mwaulemu.

Pakati pa sabata ndinabwera kuchokera kusukulu n'kupeza zovala zonse za mwana zili pachingwe. Zonse, ngakhale zimene zinali zoyera kale. Anazichapa agogo ake. Tsiku lotsatira mwana anali atametedwa bwino, ndipo anali ndi nsapato zatsopano zochokera ku Boma. Pakhonde la nyumba yaikulu panali kasutikesi kabuluu kamene kankakhala pamwamba pa kabati, atakatsegula kuti kapite mphepo.

Ndinamutengera mwana m'nyumba, n'kumukhazika pabedi, n'kumugwira nkhope kuti ayang'ane kuwindo komwe kunali kuwala. Anali atangogweluka dzino lakutsogolo, ndipo milomo yake inkandivuta kuwerenga.

“Nsapatozi n'zopita nazo kuti?”

“Kwa ankhazi, ku Khondowe. Ndikakhala komweko, ndizikaphunzira komweko.” Ankhazi ndi azakhali, mlamu wanga uja. Mwana anagwedeza miyendo kuti ndione nsapato. “Abwera Loweruka kudzanditenga. Agogo akuti inu mwavomera.”

Ndinamufunsanso, ndipo anabwereza chimodzimodzi. Ndinali nditalondola ulendo woyamba womwe.

Madzulo ake uthenga wa mwamuna wanga unafika. Analemba kuti adada amuuza zonse, kuti mwina n'zabwino mwana akakhale ndi ankhazi ake mpaka ine nditamaliza maphunziro anga okondedwawo. Pamapeto anawonjezera kuti chimene chamudabwitsa n'chakuti adada atandifunsa ngati ndili ndi mawu, ine ndinangothokoza. Ndinawerenga mzere umenewo kambirimbiri. Ndinali nditapereka mwana wanga ndi mawondo anga omwe, n'kuthokozanso chomene.

Msewu wa ku Khondowe ndinaukwerapo kamodzi, ndipo ndinalumbira kuti sindidzaukweranso mwaufulu. Si kutali kwenikweni, koma mwana akakwera phiri limenelo m'manja mwa eni ake, satsika chifukwa choti mayi wake wamusowa. Ndinkadziwa momwe zimayendera. Teremu imodzi imabala chaka. Mwana amayamba kukutchula mwaulemu ngati mlendo. Ndipo ine ndinali ndi mantha ena amene sindikanauza munthu: mawu a mwana wanga ndinali nditayamba kale kuwaiwala. Chimene chinanditsalira chinali nkhope yake ikulankhula. Akanandichotsera nkhopeyo, ndikanatsala ndi chiyani?

Kunena zoona nakonso kunali ndi mano ake. Mayi wokonda foni angathe kusintha. Mayi wosamva sangasinthe. Ndikaulula, mwina ndiwapatsa chifukwa chabwino koposa chotengera mwana. Ndinazungulira ndi maganizo amenewa mpaka Lachisanu m'mawa, pamene ndinaona apongozi aakazi akupinda madiresi aja n'kumawaika m'kasutikesi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinatuma uthenga kusukulu kuti ndichedwa, ndinapukuta ufa pafoni, n'kuwoloka bwalo.

Adada anali pakhonde ndi tiyi. Sanandiitane. Ndinadutsa malo anga ogwadira, n'kukagwada patsogolo pawo penipeni, pafupi moti ndikanatha kugwira nsapato zawo. Kenako ndinadzutsa mutu.

Zaka zonse zimene ndinakhala pamudzipo ndinali ndisanaone kuti ali ndi chipsera pamwamba pa diso, kapena kuti maso awo ndi ofanana ndi a mwana wanga. Kapu inaima m'malere. Cha kumbali ndinaona apongozi aakazi ataima ndi diresi m'manja, pakamwa pali pululu.

“Adada,” ndinatero, osadziwa ngati ndikunong'ona kapena ndikukuwa, “zimene munanena Lamulungu sindinazimve. Ngakhale liwu limodzi. Makutu anga anafa.”

Anayankha, koma ndevu zija zinaphimba mlomo wam'mwamba ndipo ndinangotola zidutswa. Ndinawapempha kuti abwereze. Mkamwana kuuza apongozi kuti abwereze! Anabwereza, ndipo ndinagwira.

“Simunamve, panji simunafune kumva?”

Ndinatsegula vidiyo ya masamu ija, ya tsiku la mavu, n'kuwapatsa foni ndi manja awiri. Mawu anali ozimitsa. Mayi wa pavidiyo ankatsegula pakamwa, malemba achikasu akuyenda pansi pake.

“Umu ndi momwe ndimamvera. Tsiku lija ndinali chonchi. Mwana sindinamunyoze, sindinamumve.”

Anatulutsa magalasi m'thumba la jekete. Anayang'ana nthawi yaitali, milomo yawo ikutsatira malemba monga amachitira aphunzitsi onse. Anatembenuza foni kuyang'ana kumbuyo kwake, n'kuibweza. Analoza kachizindikiro ka liwiro n'kundiyang'ana mofunsa. Ndinadina, ndipo mayi uja anayamba kulankhula mwapang'onopang'ono. Ndinawaonetsa momwe ndimaphimbira malemba ndi chala n'kuyang'ana milomo.

Anaika foni pamwendo. Anadzigwira pansi pa chibwano, pamene pakanakhala malemba akanakhala vidiyo. Atalankhula, analankhula mochedwa ngati mayi uja.

“Ine pano palibe malemba.”

“Palibe, adada.”

“Ndiye muziyang'ana kuno.”

Apongozi aakazi ananena kanthu kumbali. Sindinaone kuti n'chiyani, koma mapewa awo ankanena za mwambo. Adada anangokweza dzanja osatembenuka. Ndinayamba kupuma. Ndinaganiza kuti zatha. Kenako anawerama pang'ono kuti ndione bwino, n'kufunsa funso limene ndinkaliopa kuyambira tsiku la voliyumu.

“Mwana akalira, amva ndani?”

Malemba onse amene ndinawerenga sanandikonzekeretse funso limenelo. Ndinaona kasutikesi kabuluu kuseri kwawo, katadzaza theka.

“Ine sindimva, adada. Sindinama. Koma ndizimuona. Ndizikhala choyang'ana komwe ali, foni ndiziigwira iye ali kusukulu kapena atagona. Musandichotsere mwana pamaso. Ndi maso okha ndatsala nawo.”

Ndinalira pamenepo, ndikuwayang'anabe, chifukwa ndikanaweramitsa mutu sindikanamva chigamulo changa. Sindikudziwa ngati pali mkamwana wina ku Nkhamanga konse amene analirapo akuyang'ana apongozi ake m'kamwa.

Adada anamwa tiyi wawo amene anali atazizira. Anati mlamu wanga abwerabe Loweruka, koma adzatenga ine kupita nane ku Mzuzu kukapimitsa makutu, chifukwa munthu sabisa matenda m'nyumba ya namwino. Mwana atsala ndi agogo ake. Za ku Khondowe tikambirana ndikabwera. Sanalonjeze kanthu. Kasutikesi sanakakhuthule.

Mlamu wanga sanatchule za ng'ombe ulendo umenewo. M'minibasi anakhala chondiyang'ana njira yonse, khosi litapindika, akundikalipira pang'onopang'ono kuti ndimve bwino kupusa kwanga. Kuchipatala anandiika zomvera m'makutu n'kundiuza kuti ndizikweza dzanja ndikamva kulira. Dzanja langa linakhala pamwendo nthawi yambiri. Anati khutu limodzi lapita ndithu, linalo lingathandizidwe pang'ono ndi kachipangizo, koma nyenje ndizikhala nazo. Ndinagona kwa anzake a mlamu, ndipo zonse zimene madokotala ananena sizinandiopse ngati kasutikesi kaja. Ndinkaganiza kuti mwina andichotsa dala pamudzi kuti mwana akwere phiri ine kulibe.

Pobwerera ndinatsika pamsewu n'kuyenda mothamanga, chikwama chikundimenya m'chiuno. Pabwalo panalibe mwana. Pachingwe panalibe zovala zake. Adada anali pakhonde okha, ndipo miyendo yanga, mwa chizolowezi, inakagwada pamalo akale, chammbali, maso pansi. Ndinaona nsonga ya ndodo ikubwera n'kugogoda pafupi ndi bondo langa. Ndinadzutsa mutu.

Ndevu zija panalibe. Anali atameta zonse. Pamene zinali panatsala khungu lotuwa, losazolowera dzuwa, ndi kabala kakang'ono ka lezala. Nkhope yawo inkaoneka yamaliseche, ngati ya mnyamata, ndipo zinkaoneka kuti akuchita nayo manyazi. Mlomo wonse unali poyera.

“Mwana wanu ali kuseri,” anatero pang'onopang'ono, liwu lililonse palokha. “Akusewera. Sakulira.”